KUTULUKA M'CHIPATALA SI KUCHIRA

 Lero ndifuna tikambirane za munthu amene anadwala chifuwa choopsa, nagona m'chipatala, ndipo tsopano wabwerera kwawo. Tsiku limene munthu wotere afika pakhomo amayi amaimba nthungululu, nkhuku imaphedwa, ndipo aliyense amanena kuti wachira. Koma kodi wachiradi? Yankho lake silioneka pankhope. Lili m'magazi ndi m'mapapo mwake, ndipo n'kumeneko kumene ndifuna kukutengerani.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Kapata, wa zaka 55, amene ntchito yake ndi kunyamula anthu ndi katundu pa njinga. Wadwala chimfine, ndipo poyamba achiyesa cha masiku onse. Patapita sabata ayamba kubanika, abale nathamanga naye ku Chipata Central Hospital, kumene agona masiku khumi alikupuma mpweya wa okosijeni. Atatulutsidwa apeza ufa watha m'nyumba ndipo ana afuna za kusukulu. Chotero patangopita masiku anayi akwera njinga yake. Sabata ziwiri zisanathe thupi litenthanso, chifuwa chibwerera, makhololo asanduka achikasu. Anansi ayamba kunong'onezana: ena ati mankhwala a kuchipatala sanagwire ntchito, ena ati pali wina amene wamulodza. Komatu palibe mfiti pamenepa. Chimene chachitika n'chakuti asilikali a m'thupi mwake anali asanabwerere m'malo mwawo.

Nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Matenda a COVID-19 anapezeka koyamba m'Zambia pa 18 Malichi 2020, mwa anthu awiri amene anafika ku Lusaka kuchokera ku France. Chaka chimenecho khamu silinasonkhane ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ndipo m'Febuluwale 2021 silinasonkhanenso ku Mtenguleni pa Nc'wala. M'miyezi yachisanu ya Juni ndi Julayi 2021 mtundu wa kachirombo wotchedwa Delta unadzaza zipatala za m'dziko muno, ndipo okosijeni anali wosowa. Bungwe la World Health Organization linalengeza m'Meyi 2023 kuti nyengo ya ngozi yatha. Komabe kachiromboka, pamodzi ndi fuluwenza ndi chikuku, kakali pakati pathu. Zimene madokotala anaphunzira m'zaka zimenezo zidzatithandiza pa chifuwa chilichonse choopsa chimene chidzabwere.

Tiyambe tadziwana nawo asilikali amene ndilikunenawa. M'magazi muli maselo ofiira, amene amanyamula mpweya, ndi maselo oyera, amene amatiteteza ku matenda. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini muli maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000, ndipo kwawo kumene amabadwira ndi m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Ali m'magulu ambiri, koma ife tingotchula atatu.

Gulu loyamba ndi la alonda okhala m'mapapo momwemo. Mapapo athu ali ndi timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, ndipo m'timatumba timeneti mumakhala maselo otchedwa macrophage, amene usiku ndi usana amameza fumbi, mwaye wa utsi ndi tizirombo timene talowa ndi mpweya. Gulu lachiwiri ndi la maselo otchedwa neutrophil. Amenewa ndiwo ochuluka, pakuti amaposa theka la maselo oyera onse a m'magazi. Ali ngati anyamata amene amathamanga akangomva mfuu, osayamba afunsa kuti mdani ndani. Moyo wawo ndi waufupi, ndipo thupi limapanga atsopano okwana ngati 100 biliyoni tsiku lililonse. Mafinya amene mumaona pa chilonda, mbali yaikulu ndi mitembo yawo.

Gulu lachitatu ndi la maselo otchedwa lymphocyte, ndipo ambiri a inu mwamvapo kale za ena a iwo, chifukwa CD4 imene amawerenga ku kiliniki ndi ya m'gulu limeneli. Maselo a CD4 ndiwo nduna zolamulira nkhondo. Anzawo a CD8 amafunafuna ndi kupha maselo a thupi amene kachirombo kabisalamo. Ndipo maselo a B amapanga zida zotchedwa antibody, zimene zimakanirira kachirombo kuti kalephere kulowa m'maselo ena. Gulu limeneli silifulumira. Liyenera kuyamba lamuphunzira mdani, ndipo sukulu yake ndi timibulu tija ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche timene tikatupa timati mwanabere. Kuphunzira kumeneku kumatenga sabata kapena kuposerapo.

Tsono nkhondo imayamba motere. Kachirombo ka mtundu wa vairasi sikatha kuswana pakokha. Kayenera kulowa m'selo ya m'mphuno kapena ya pakhosi ndi kuikakamiza kuti ipange tinzake tambirimbiri. Selo yolowedwayo imakuwa mfuu mwa kutulutsa mankhwala otchedwa interferon, ndipo maselo oyandikana nayo akamva amatseka zitseko zawo. Mfuu ikamveka pa nthawi yake, munthu amangodwala chimfine masiku owerengeka nachira. Ikachedwa, kachirombo kamapeza mpata wotsikira m'mapapo. M'chaka cha 2020 Jean-Laurent Casanova ndi akatswiri anzake anapeza kuti mwa anthu khumi alionse amene anadwala COVID-19 mwa kayakaya, mmodzi anali ndi zida m'magazi mwake zimene zinali kutsekereza mfuu imeneyi, ndipo ochuluka a iwo anali amuna. Ukalamba nawonso umafooketsa chitetezo choyambachi, ndipo odwala shuga ali pa ngozi yoposa anzawo.

Sabata yachiwiri ndiyo yoopsa, ndipo pano ndipempha kuti mutchere khutu. Nonse mudziwa zimene zimachitika m'Ogasiti ndi Sepitembala anyamata akamatentha tchire posaka mbewa. Moto umatulutsadi mbewa, koma mphepo ikauka moto womwewo umalowa m'mudzi ndi kunyeketsa nkhokwe. Momwemonso m'thupi. Kachirombo kakachuluka m'mapapo, maselo amatumizirana mauthenga oitana thandizo, otchedwa cytokine, ndipo mwa odwala kwambiri mauthengawa saleka. Mafuta a m'mafupa amayankha mwa kutulutsa ma neutrophil ankhaninkhani, kufikira ndi osakhwima omwe, monga mfumu yothedwa nzeru imene ituma kunkhondo ana osadziwa kugwira chishango. Iwowa akafika m'mapapo amalasa mdani ndi mbale yemwe. Timitsempha ta magazi timayamba kuchucha, timatumba ta mpweya timadzaza madzi, ndipo magazi amaundana m'malo osayenera. Akatswiri amene anapima mapapo a anthu omwalira ndi COVID-19 ku Blantyre anaonetsa m'chaka cha 2024 kuti ngakhale alonda aja a m'mapapo anali nawo pa chionongeko chimenechi. Pa nthawi imeneyi kachirombo kamakhala katayamba kuchepa. Chimene chilikumubanikitsa wodwala ndi moto wa asilikali ake omwe.

Pamene ma neutrophil alikuchuluka chotere, ma lymphocyte amachepa m'magazi. Munthu wamkulu wathanzi amakhala nawo oposa 1,000 m'kadontho kaja, koma mwa wodwala kwambiri amatsika pansi pa chiwerengerochi, nthawi zina kufikira theka lake. Ena amakhala atasamukira m'mapapo ndi m'timibulu tija, ena afa, ndipo otsala ambiri ndi otopa. N'chifukwa chake dokotala amatenga magazi a wodwala kawirikawiri: akaona anyamata othamanga achuluka koma nduna zachepa, amadziwa kuti wodwalayo afunika kuyang'aniridwa mosaphethira.

Kudziwa zimenezi kunapulumutsa miyoyo. M'Juni 2020 kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY anaonetsa kuti mankhwala akale ndi otsika mtengo, dexamethasone, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu pakati pa opatsidwa okosijeni. Mankhwalawa sapha kachirombo ayi; amangoziziritsa moto wa asilikali. Ndipo taonani: kwa odwala amene sanali kufuna okosijeni mankhwalawa sanathandize konse. Kuwamwa m'sabata yoyamba kuli ngati kumanga manja alonda mbala ili pakhomo. Chotero musagule mankhwala amenewa mwa inu nokha. Wodziwa nthawi yake ndi dokotala. Ndiponso musadikire kunyumba kubanika kukayamba. Pakati pa Juni ndi Sepitembala 2020 Dr Lawrence Mwananyanda ndi anzake anapima mitembo 364 ku University Teaching Hospital ku Lusaka, napeza kachiromboka mwa anthu 70. Ndipo ochuluka a iwo anafera kunyumba, osafika m'manja mwa dokotala.

Tsopano tifike pa mutu wa nkhani yathu. Moto wazima, wodwala watuluka m'chipatala. Nanga m'kati mwake mwatsala zotani? Choyamba, njira za mpweya zimakhala zoyalidwa ndi timaubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa makhololo ndi tizirombo kukwera nato kukhosi. Matenda amapsereza timaubweya timeneti, ndipo kuti timerenso pamapita masabata. Chachiwiri, alonda ambiri a m'timatumba ta mpweya amakhala atafa, ndipo olowa m'malo mwawo ndi achilendo amene sanaizolowere ntchito. Chachitatu, ma lymphocyte amabwerera pang'onopang'ono: mwa ambiri m'masabata owerengeka, koma mwa ena amene anadwala kwambiri pamapita miyezi. Ngakhale kumene asilikali amabadwira kumasintha. M'chaka cha 2023 akatswiri a ku New York anaonetsa kuti maselo obala asilikali, a m'mafuta a m'mafupa, anali osinthikabe mwa anthu ena kufikira chaka chathunthu atadwala COVID-19 yoopsa, ndipo maselo obadwa mwa iwo anali a mtima wapachala, ofulumira kuyatsa moto.

Munthu wotere kunja aoneka bwino, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mphuno mwa anthu ambiri athanzi mumakhala mabakiteriya amene savutitsa malinga alonda ali maso. Alonda akafooka, mabakiteriyawa amatsikira m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo. Izi ndizo zinagwera bambo wathu wa ku Kapata: kutentha thupi kwachiwiri kuja sikunali matenda oyamba aja, koma mdani wina wolowera pa mpanda wogumuka.

Makolo athu anaziona zimenezi. M'chaka cha 1918, mzinda uno ukali kutchedwa Fort Jameson, fuluwenza inafalikira pa dziko lonse lapansi, nipha anthu okwana ngati 50 miliyoni. M'maiko athu ano inalowa kumapeto kwa chakacho, potsata njanji ndi njira za amuna obwerera kuchokera ku migodi ya kumwera ndi ku mtengatenga wa nkhondo. Patapita zaka 90, m'chaka cha 2008, David Morens, Jeffery Taubenberger ndi Anthony Fauci anapimanso tizidutswa ta mapapo timene tinasungidwa kuyambira nthawi imeneyo, naona kuti ochuluka mwa omwalirawo anamalizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya chimene chinatsatira fuluwenza. Masiku amenewo kunalibe mankhwala opha mabakiteriya. Lero alipo, ndipo chibayo chotere chimachizika munthu akafulumira kubwerera ku chipatala.

Komabe si zonse zotsala m'thupi zimene zili zoipa. Nkhondo ikatha, ma lymphocyte ambiri amene anachuluka amafa, koma ena ochepa amasungidwa monga nkhalamba za pamudzi zosunga mbiri. Mdani yemweyo akadzabweranso, iwo amamuzindikira msanga, ndipo ntchito ya sabata imachitika m'masiku owerengeka. Chikumbumtima chimenechi... ndinene bwino, kukumbukira kumeneku n'kokhalitsa modabwitsa. Ku Singapore anthu amene anadwala SARS m'chaka cha 2003 anapezeka nawo maselo okumbukira patapita zaka 17. Ku America, m'chaka cha 2008, nkhalamba 32 za zaka 91 kufikira 101, zimene zinali ana pa nthawi ya fuluwenza ya 1918, zinapezeka zikali ndi zida zolimbana ndi kachirombo ka chaka chimenecho. N'zoona kuti fuluwenza ndi kachirombo ka COVID-19 amasintha maonekedwe kawirikawiri, kotero kuti munthu angadwalenso. Koma kukumbukira kuja kumathandiza kuti matenda achiwiri asafike poopsa.

Pali kachirombo kamodzi kamene kamaononga nkhalamba zosunga mbirizi, ndipo inu amayi mukadziwa bwino: ndi ka chikuku. Kamalowa ndi mpweya monga tinzake, koma maselo amene kamasankha kukhalamo ndi asilikali eni ake, makamaka okumbukira. Cha m'ma 2000 William Moss ndi Diane Griffin a ku Johns Hopkins University, pamodzi ndi madokotala a ku University Teaching Hospital, anapima ana ogonekedwa ndi chikuku ku Lusaka. Anaona kuti ma lymphocyte anachepa pamene chikuku chinatuluka, ndipo ngakhale chiwerengero chawo chinabwerera msanga, zotsalira za kachiromboka zinapezekabe mwa ana ambiri patapita mwezi, makamaka mwa ana amene anali ndi HIV. M'chaka cha 2019 Michael Mina ndi anzake anapima ana 77 osalandira katemera a ku Netherlands, napeza kuti chikuku chinafafaniza kuyambira magawo 11 kufikira magawo 73 pa 100 alionse a zida zimene anawo anali nazo zolimbana ndi matenda ena. Mwana wotere amakhala ngati mudzi umene nkhalamba zake zatha: adani akale amabwera ngati alendo, ndipo ngozi imeneyi ingakhalepo zaka ziwiri kapena zitatu. Agogo athu ankanena zoona pamene ankati mwana wochira chikuku sachedwa kutsegula m'mimba ndi kudwala chibayo. Katemera wa chikuku sachita zimenezi; amaphunzitsa asilikali popanda kutentha mudzi. Mwana ayenera kumulandira pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 18.

Nanga tsono tichite chiyani ndi wodwala amene wabwerera pakhomo? Choyamba, timupatse nthawi. Ayambe ndi kuyenda pabwalo, mawa lake kufika kumsewu, kuonjezera pang'onopang'ono malinga ndi mpweya wake. Pakuti kugona tsiku lonse nakonso kumafooketsa mapapo. Koma khasu, nkhwangwa ndi njinga yonyamula matumba ziyambe zadikira. Ndidziwa kuti njala siidikira, ndipo n'chifukwa chake mawu awa ndilikulankhula kwa abale, kwa a mumpingo ndi kwa anzake a m'chilimba: kumusenzera katundu mwezi umodzi kuli bwino koposa kumusenza iye mwini kachiwiri.

Chachiwiri, adye zomanga thupi, chifukwa asilikali atsopano sapangidwa ndi nsima yokha. Nshawa, nyemba, soya, mazira, kapenta, mkaka, masamba otendera ndi zipatso zimene zilipo pa nyengoyo, zonsezi zili pafupi nafe kuno kum'mawa. Ngati alibe chilakolako, adye pang'ono koma kawirikawiri, ndipo phala lake likhale lothira nsinjiro.

Chachitatu, titeteze mapapo ake ku utsi. Asakhale m'khichini nkhuni zilikufuka, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire chotani. Fodya ndi kachasu zimachedwetsa kuchira. Obwera kudzamuona amene alikutsokomola akhale panja ndi kumulonjera ali chapatali. Kutero si mwano ayi, koma chikondi.

Chachinayi, amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asaleke tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo tsiku limene dokotala analemba kuti akaonekerenso lisaphonyedwe.

Chachisanu, tidziwe zizindikiro zofunika kubwerera nazo ku chipatala tsiku lomwelo: thupi kutenthanso litazizira kale, kubanika munthu ali chikhalire, kupweteka m'chifuwa popuma, makhololo a magazi, mwendo umodzi kutupa, kapena kusokonezeka mutu. Kwa mwana, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi ali phee: wa miyezi 2 kufikira 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu akafika 40, ndiponso ngati pansi pa nthiti palowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche. Chifuwa chikapitirira sabata ziwiri, kapimitseni makhololo, chifukwa chifuwa chachikulu chimakonda thupi lofooka. Ndipo ngati patapita miyezi itatu munthu akali wotopa, wa befu ndi woiwalaiwala, musamunene ulesi. Madokotala amawadziwa mavuto amenewa, ndipo ayenera kukawafotokozera.

Bambo uja wa ku Kapata akabwerera msanga ku chipatala adzapatsidwa mankhwala a chibayo, ndipo adzakweranso njinga yake. Koma ulendo wachiwiriwo ukanapeweka achibale akanadziwa kuti kalata yotulutsira munthu m'chipatala imangonena kuti ngozi yaikulu yapita; ntchito yomanganso mpanda imachitikira kunyumba, ndipo omanga ake ndi inu.